Nkhondo ya Mbaniro ndi Chitseko cha a Penhall

Khalani chete inu ntchentche za m'chilimwe, nanunso mbalame zoyera zaphokoso zimene mumadzutsa tauni ya Bunbury m'mawa uliwonse, kuti zimveke za masiku akuluakulu aja, masiku amene khonsolo inali itangogawa bini yachitatu ya zinyalala ndipo anthu anali asanadziwe choponyamo, masiku amene mphepo ya kunyanja inkachedwa kufika ndipo amuna ankathirira kapinga mozemba lamulo losunga madzi, pamene m'kamsewu kena kosatulukira munkakhala ngwazi ziwiri zogundana mpanda, zimene kwa zaka zisanu ndi ziwiri zathunthu sizinapatsane moni.

Ngwazi yoyamba inali a Lindsay Penhall, Mwini Mbaniro, Mgonjetsi wa Kapinga, Wosafunsa Njira, munthu amene chibadwire sanawerengepo kapepala ka malangizo kobwera m'katoni, ndipo mashelefu onse a m'nyumba mwawo ankachitira umboni zimenezi popendekera mbali imodzi. Yachiwiri inali a Carmelo Zammit, Mpachika Zitseko, Wazala Zisanu ndi Zinayi, amene anapachika zitseko za magalaja m'tauni yonseyo kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, napereka chala chimodzi ku ntchitoyo, kenako n'kupuma kuti azisamala mandimu ndi matimati awo.

Chiyambi cha nkhondo chinali chotere. Kwathu kuno mwamuna akhoza kukubwereka ngolo yake, bwato lake, ngakhale makina ake otchetchera kapinga, koma mbaniro yotembenuzira nyama pa chowotchera chake sagwiritsa munthu. Alendo amaima mozungulira, chitini cha mowa m'manja, n'kumapereka malangizo amene palibe amawamvera, ndipo ufulu wawo umathera pomwepo. Tsono tsiku limene Tegan, mtsikana amene anali mwana yekhayo wa a Penhall, ankakwanitsa zaka makumi awiri ndi chimodzi, bambo akewo anatengeka ndi nkhani ya nsomba ina imene inawapulumuka, ndipo potambasula manja kuti asonyeze kutalika kwake anaiwala masoseji kumbuyo. Utsi unayamba kuda. A Zammit, amene mtima wawo sulola kuona chinthu chikuwonongeka, anasolola mbaniro m'dzanja lotambasukalo, natembenuza masoseji makumi awiri ndi anayi anthu onse akuona. Masosejiwo anapulumuka, anthu anadya bwino, koma a Penhall anakalowa m'nyumba ndipo sanatulukenso mpaka alendo onse atabalalika.

Kuyambira pamenepo nkhondo inayaka. Mandimu amene kale ankadutsa pampanda m'thumba la pulasitiki analeka kudutsa, ndipo a Penhall ankagula mandimu kusitolo pamene nthambi ya a Zammit inkawagwedezera zipatso pamphuno. Chala chimene mwamuna aliyense amakweza pachiwongolero akakumana ndi mnansi wake chinaleka kukwezedwa. Mmodzi akaliza makina a kapinga, winayo ankalizanso ake, ngakhale atatchetcha dzulo lake. Akazi awo okha, Raelene Penhall ndi Connie Zammit, ndi amene sanalowe usilikali. Iwo anazula thabwa limodzi la mpanda kuseri kwa thanki ya madzi, n'kumamwera tiyi pamenepo Lachitatu lililonse.

M'galaja ya a Penhall munkagona chuma chawo chenicheni, galimoto yakale yobiriwira yamtundu wa Kingswood, imene inanyamula Raelene pa tsiku la ukwati wake. Tegan ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, atakhala pa pilo kuti aone kutsogolo, anawalumbiritsa bambo ake kuti tsiku lake likadzafika adzamutengera m'galimoto yomweyo. A Penhall analumbira. Anaipukuta Lamlungu lililonse kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo tsiku lija linali litayandikira: Loweruka loyamba la Marichi, nthawi ya thuu koloko, kumunda wa mphesa. Maliboni oyera anali atamangidwa kale kuchokera pamphuno ya galimotoyo mpaka kumawindo.

Lachinayi m'mawa, a Penhall akumwa khofi, m'galaja munaphulika chinthu ngati mfuti. Pamwamba pa chitseko pamakhala masipuling'i awiri aakulu ozungulira chitsulo chopingasa, ndipo ndi amene amanyamula kulemera konse kwa chitsekocho, munthu n'kumangodzinamiza kuti ndi mphamvu zake. Imodzi inali itaduka pakati. Chitseko chimenecho sichinali chamasewera, chifukwa mwiniwake anachikuta ndi matabwa a mtengo wolimba wa jarrah mpaka chinalemera ngati ng'ombe. Mkwati, dzina lake Brodie, anabwera ndi azichimwene ake awiri, onse amapewa ngati zitseko nawonso, nachinyamula mpata woti mphaka n'kudutsa, kenako chinawapulumuka n'kutsala pang'ono kudula zala za phazi la mkwatiyo. Raelene anaimbira amisiri onse a m'tauni, koma linali tchuthi lalitali, ndipo onse anali atakoka mabwato awo kupita kumwera. Wachifundo kwambiri anati akhoza kubwera Lachitatu.

A Penhall sanadandaule, chifukwa kuitana mmisiri pa ntchito ya pakhomo pawo ankakuona ngati kugonja. Anayeza sipuling'i yoduka ija, anakagula awiri atsopano Lachisanu m'mawa, anaonera kanema wa malangizo pafoni mpaka theka, nazimitsa chifukwa munthu wa m'kanemayo ankalankhula ngati akuphunzitsa ana. Theka limene sanaonelo ndi limene linkanena kuti sipuling'i imapotedwa ndi ndodo ziwiri zachitsulo zokwana ndendende m'mabowo a kumutu kwake, osati china chilichonse. Ngwaziyo inatenga masikuludiraiva awiri, inamanga lamba wa kabudula, niimirira pa makwerero.

"Raelene," anatero ndi mawu a mkulu wa asilikali, "lero chitseko ichi chidziwa mwiniwake. Manja awa anamanga khonde, manja awa anakumba dziwe losambira lija tinakwiriranso, ndipo sangagonje kwa waya wopotoka."

"Mnzanu ali kuseri kwa mpandaku," anayankha Raelene, "ndipo ndodo zake zili pakhoma, zikungochita fumbi."

"Kuseri kwa mpandako kulibe munthu. Kuli mtengo wa mandimu basi."

Anapota kamodzi, kawiri, kasanu, sipuling'i ikulira pansipansi ngati galu amene wakuchenjeza kale. Pa ulendo wakhumi ndi chimodzi sikuludiraiva inaterereka m'bowo, inadutsa pafupi ndi khutu la ngwazi mpaka kumeta tsitsi, inawoloka galaja yonse, nikabaya chitseko cha firiji ya mowa imene inali pakona. Zitini zitatu zinafera pomwepo, ndipo thovu lawo linayenderera pansi mpaka kumatayala a Kingswood. A Penhall anatsika makwerero, nakhala pa chidebe cha penti.

Kutsidya kwa mpanda a Zammit ankamanga matimati. Phokoso limenelo ankalidziwa bwino, chifukwa ndi limene linatenga chala chawo. Anaima chilili, nkhope itayera, akumvetsera, mpaka anamva a Penhall akutukwana, ndipo m'pamene anapuma. Anauza Connie kuti chitsiru chija chagwiritsa sikuludiraiva, ndipo kuti chikadzafa asadzawauze kuti anyamule nawo bokosi. Koma tsiku lonselo sanachoke pafupi ndi mpanda.

Madzulo dzuwa likanali m'mwamba Tegan anabwera, anaona sikuludiraiva ili chibayire m'firiji, naona ndi khutu la bambo ake. Sanakalipe. Anakhala pambali pawo, nawagwira dzanja.

"Adadi, zisiyeni. Ndikwera pikiapu ya Brodie. Ndi galimoto chabe iyi, ine ndikufuna inuyo mundiperekeze muli ndi mano onse."

Akanakalipa zikanakhala bwino. Koma ananena mwachifundo, ndipo chifundocho n'chimene chinawapweteka a Penhall. Pikiapu ya Brodie inkanunkha agalu ndi nyambo ya nsomba. Anaganiza za diresi loyera m'katimo, anaganiza za kamwana kaja ka pa pilo, ndipo anachita manyazi aakulu, chifukwa anadziwa kuti chimene chinatsekera galimoto m'galaja sichinalinso chitseko.

Loweruka seveni koloko m'mawa, Wosafunsa Njira anavala masilipasi ake, anayenda ulendo wa mapazi khumi ndi asanu umene sanauyende kwa zaka zisanu ndi ziwiri, naima pampanda pansi pa nthambi ya mandimu. A Zammit anali kale pomwepo, akunamizira kuthirira.

"Carmelo Zammit, sindinabwere kudzapepesa, ndiponso sindinabwere kudzapepesedwa. Ndabwera ngati bambo wa mkwatibwi. Ndibwereke ndodo zako ziwiri."

A Zammit anatseka mpopi pang'onopang'ono, monga munthu amene mawu ake anawakonza kalekale.

"Ndodo zanga siziyenda zokha, aise. Kumene zikupita, inenso ndimapita. Koma umvetse bwino. M'galaja yako ine sindigwira kanthu. Ndinagwirapo chitsulo chako kamodzi osauzidwa, ndipo ndadya mandimu ndekha zaka zisanu ndi ziwiri mpaka mano kuyayamira. Upota wekha. Ine ndingowerenga."

Mfundo zimenezi zinavomerezedwa, ndipo Mpachika Zitseko analowa m'dziko la mdani wake atanyamula ndodo ziwiri zokulunga m'nsalu yamafuta. Anayang'ana firiji yovulala ija nthawi yaitali, napukusa mutu. Kenako anapereka malamulo ake manja ali kumbuyo. Chitseko chipanidwe kunjanji yake kuti chisadzuke mwadzidzidzi. Makwerero aime pambali, mutu usakhale m'njira ya ndodo. Ndodo ilowe m'bowo mpaka igunde pansi, ndipo yachiwiri ilowe yoyamba isanatuluke. Kukankha kulikonse ndi kota ya kuzungulira kumodzi, ndipo sipuling'i iliyonse imafuna makota makumi atatu. A Penhall, amene chibadwire anali asanalandirepo malangizo m'galaja yawoyawo, anameza zonsezi ngati mankhwala owawa.

Sipuling'i yoyamba inagonja itamenya nkhondo ya ola lathunthu. A Zammit ankawerenga mokweza, ndipo pakati pa manambala ankaikapo zina: kuti amene anakuta chitseko ndi jarrah ayenera kuti ankayembekezera kuukiridwa ndi akasinja, kuti agogo awo aakazi ankapota bwino kuposa pamenepo, kuti nsomba ija inapulumuka chifukwa inaona mmene mwiniwake amagwirira zinthu. A Penhall ankayankha kuti munthu wa zala zisanu ndi zinayi asamaphunzitse anzake kusamala. Pofika makumi atatu onse awiri anali atatuluka thukuta, ndipo aliyense ankabisa kuti akusangalala. Anamanga mabawuti a kumutu kwa sipuling'iyo, nasunthira makwerero ku yachiwiri.

Koma a Penhall anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu, ndipo phewa lawo lakumanzere silinalumbire nawo lumbiro lija. Pa kota ya khumi ndi chisanu linayamba kutentha. Pa ya makumi awiri linayamba kunjenjemera. Raelene ndi Connie anali ataima pakhomo laling'ono la m'mbali, ndipo kumbuyo kwawo kunali Tegan, tsitsi lokonza theka, penti ya zikhadabo isanaume. Pa kota ya makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndodo inakwera mpaka pakati, n'kuima pomwepo. Kumwamba sinkapita, pansi sinkatheka kuitsitsa bwinobwino, ndipo mphamvu yonse ya sipuling'i inali pa mkono umodzi wotopa. Akanaitaya, ikanapita ndi chibwano chawo kapena galasi lakutsogolo la Kingswood, mwinanso zonse ziwiri.

A Zammit anali atakwera kale pa chidebe cha penti. Dzanja lawo la zala zinayi linali lotambasula pansi pa ndodoyo, mpata wa chikhadabo chimodzi, koma osaikhudza.

"Mkonowo ukuimba nyimbo, Lindsay."

"Usandiuze zochita."

"Sindikukuuza. Ndangoima pano basi."

Thukuta linkagwera m'maso mwa Mwini Mbaniro. Anayang'ana pansi naona maliboni oyera pa galimoto. Anayang'ana pakhomo naona mwana wake ataphimba pakamwa ndi manja onse awiri, penti ikumupaka m'masaya. Ulemu wa zaka zisanu ndi ziwiri, umene anausunga ngati mendulo, anauona kuti ndi wopepuka kuposa chitini chopanda kanthu. Ndipo ngwazi imene inali isanapereke chitsulo m'dzanja la mwamuna mnzake inalankhula ndi mawu aang'ono kwambiri.

"Gwira, Mel."

Dzina lachidule la Carmelo lisanathe kutuluka, zala zinayi zija zinali zitafumbata kale ndodo. A Zammit anaikankha mpaka pamwamba, analowetsa yachiwiri, naitsamiritsa kuchitseko, ndipo atatsimikiza kuti palibe amene afe, anatembenukira kwa amayi aja.

"Raelene, Connie, mwamva nonse? Wandiuza yekha. Mawa asadzanene kuti ndinalanda."

Makota anayi otsalawo anawamaliza mosavuta ngati akutsegula botolo la jamu. Anamanga mabawuti, anachotsa zopanira kunjanji, kenako anaitana Tegan kuti abwere anyamule. Mkwatibwiyo anaika zala ziwiri pansi pa chogwirira, posamala zikhadabo zake, ndipo chitseko chimene chinagonjetsa amuna atatu chinanyamuka mwaulemu, chinaima pakati monga chitseko chabwino chimachitira, kenako chinakwera mpaka pamwamba. Dzuwa linalowa n'kugwera pa Kingswood, ndipo Connie anayamba kulira, ngakhale kuti galimotoyo sanaikondepo.

Panatsala vuto limodzi. Mkono wakumanzere wa a Penhall unali utafa, unkangolendewera ngati sokosi yonyowa, pamene magiya a Kingswood ali pachiwongolero kumanzere komweko. Motero nthawi itakwana, anthu a m'kamsewu kosatulukira anaona chimene sanayembekeze kuchiona ali moyo: a Penhall pachiwongolero atavala suti, a Zammit pambali pawo pa mpando wautali wakutsogolo atagwira giya, mkwatibwi ndi mayi ake kumbuyo. Suti ya a Zammit inali yosita kale, chifukwa Tegan anawaitana ku ukwati miyezi itatu yapitayo kudzera pa bowo la kuseri kwa thanki. Ulendo wonse a Penhall ankaponda kalachi n'kumalamula kuti yachiwiri, Mel, yachitatu, Mel, ndipo a Zammit ankayankha kuti ali ndi makutu, injini akuimva okha. Pagalasi loonera kumbuyo a Penhall anaona mwana wawo akuseka mpaka misozi kuwononga zimene anamupaka kumaso. Nawonso misozi inawatsika, chifukwa anali okondwa kuposa mmene anakondwerapo, koma anauza aliyense kuti ndi phewa. Anafika mphindi zisanu thuu koloko isanakwane.

Pangano la mtendere linasainidwa Lamlungu masana, pa phwando lowotcha nyama la tsiku lotsatira ukwati, kuseri kwa nyumba ya a Penhall. Mfundo zake zinawerengedwa mokweza pamaso pa mafuko onse awiri: kuti mandimu ayambirenso kudutsa pampanda, kuti chala cha pachiwongolero chibwezeretsedwe, kuti bowo la kuseri kwa thanki likulitsidwe kukhala geti, ndiponso kuti sikuludiraiva ikhalebe m'chitseko cha firiji mpaka kalekale, kuti mibadwo ikubwerayo iziona ndi kuopa. Kenako Raelene anatuluka m'nyumba atanyamula kapilo koyera kamene kananyamula mphete za ukwati dzulo lake, ndipo pa kapilopo panali mbaniro. A Penhall, mkono uli m'nsalu yokoleka m'khosi, anaitenga ndi dzanja lamanja, naipereka kwa a Zammit anthu onse ataimirira, zitini zili pamtima.

A Zammit anaiombetsa kawiri, monga mwambo umafunira, anayala masoseji makumi awiri ndi anayi pamoto, ndipo wina anawafunsa za kota ya makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Anatembenuka kuti afotokoze. Anafotokoza za kulemera kwa jarrah, za kunjenjemera kwa mkono, ndipo potambasula manja kuti asonyeze mmene ndodo inaimira, mbaniro inafika pafupi penipeni ndi mphuno ya a Penhall. Kumbuyo kwawo utsi unayamba kuda. Dzanja lamanja la a Penhall linanyamuka lokha, linaima m'malere, kenako mwiniwake anaugwira mtima n'kulilowetsa m'thumba la kabudula.

"Lindsay, akupsatu," ananong'ona Raelene.

"Ndaona," anayankha a Penhall. "Sanandiuze kuti ndigwire."

Tsiku limenelo mafuko awiri anadya makala okulunga mu buledi. A Penhall anadya anayi, nauza aliyense amene anawafunsa kuti umo ndi mmene amawakondera.